Galimoto Yosamwa Mafuta

3 Malichi

Kwa iwe Chisamba, mwana wanga wa kutsidya kwa nyanja,

Landira moni. Kuno tadzuka, ine ndi amayi ako. Shuga wawo wafatsa mwezi uno, ndipo jakisoni akudzibaya okha m'mawa ndi madzulo. Kaya iwe ndi apongozi anga ndi tiana?

Akulembawa ndi Atelala, mayi amene akuchita lendi chipinda chakumaso chija. Ine ndikunena, iwo akulemba, akatha andiwerengera kuti ndimve ngati sanathiremo mchere wawo. Nkhani zikuluzikulu usamandiuze pafoni. Makutu anga anatha ndi injini, ndimangovomera kuti eya.

Ndiyambe ndi kuwerenga chuma changa. Iwe Chisamba, injiniya, amene eni dziko amakuvulira chipewa. Mlongo wako Nesi, woyang'anira wodi yonse ya amayi oyembekezera kuchipatala cha kumapiri. Mzime, mphunzitsi, amene wakhozetsa ana khumi ndi asanu ndi awiri pasukulu yopanda ngakhale babu limodzi. Bambo wawo ndinalekeza kalasi yachitatu. Wotsutsa abwere.

Galimoto yamagetsi unatumiza ija yafika Lachiwiri. Mwananga, zaka makumi atatu ndi zinayi ndayendetsa mabwana. Ndatsegulira zitseko anthu amene sanandifunsepo dzina. Yangayanga sindinakhalepo nayo, ngakhale wilibala. Nditagwira chiwongolero ndinapempha anthu atuluke kaye m'galaja, poti maso anga anachita zawo.

Msewu wonse unadzaza pageti. A Chiutsi, owotcherera mageti aja, amene pikapu yawo ikadzuka udzudzu umasamuka, anatsegula kutsogolo n'kufunsa kuti, "Mdala, injini anakuberani panjira?" Ndinati, "A Chiutsi, iyi siimwa mafuta. Imayamwa pakhoma ngati foni. Yanuyo muzikaotchera nyama." Anthu anaseka mpaka kugwira mpanda.

Pomwepo ndinalengeza kuti aliyense wa mumsewu uno, akadwala kapena akakhala ndi ulendo wofunika, agogode. Ndalama ya mafuta sindilandira, pakuti mafutawo kulibe. Lachinayi ndinaperekeza Abutchala kukagula ng'ombe. Pobwera anandipanira ndalama m'manja monga anthu achitira. Ndinawabwezera anthu akuona. Ndinati mwana wanga analipira kale.

Undiuze zoisamalira. Dalaivala weniweni sagoneka galimoto thanki ili theka, choncho ndikumaidzadzitsa tsiku lililonse.

Ndine bambo ako.

24 Malichi

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiri mokweza kuti ana amve za a Chiutsi. Tonse tili bwino.

Kusamala kwake n'kochepa. Oyilo kulibe, madzi kulibe. Batire lisamafike pothera, basi. Za mtengo musade nkhawa. Kuno yanga ndikaidzadzitsa, ndalama yake ndi ya buledi muwiri. Kampani yathu imatsitsa mtengo nthawi imene anthu sakugwiritsa ntchito magetsi kwambiri, komanso padenga ndinaika masola. Kwanuko sindikhulupirira kuti zingasiyane kwambiri. Magetsi ndi magetsi.

Chinthu chimodzi chokha. Poti ya takisi yopitira kuchipatala ndi Amayi simudzaifunanso, ndalama ya pamwezi ija ndaichepetsako, kuti ndizimalizira kulipira galimotoyo. Ndikudziwa mundimvetsa.

Jambulitsani muli pachiwongolero. Ndikufuna ndipachike muofesi.

Mwana wanu,
Chisamba

19 Epulo

Kwa iwe Nesi, mwana wanga wamkazi,

Moni wochokera kwa ine ndi amayi ako. Kumapiriko kwayamba kuzizira? Kuno dzuwa likuotcha malata mpaka kulira.

Ndikuuze kutchuka kwa bambo ako. Mwezi uno ndanyamula odwala asanu ndi mmodzi, mayi wina wobereka, kwaya ya amayi, ndi nkhata za maliro awiri. Ana akandiona amathamangira kumbuyo akuimba. Abusa, amene kale ankandipatsa moni ndi chala chimodzi, masiku ano amandigwira ndi manja awiri. Dzulo kunabwera munthu wa msewu wachinayi, sindimudziwa n'komwe. Akuti, "Ndamva kuti kuno kuli yaulere." Ndikanatani? Ndinapita naye.

Pakhomo pano tasintha zina ndi zina. Ayironi yamagetsi taipumitsa, chifukwa ya makala imawongola bwino kolala. Ketulo nayo taisunga, madzi a pambaula amakoma. Wailesi ya kanema imangoononga maso. Amayi ako akuti ndakhala wokonda zakale. Dzulo anandifunsa kuti, "Bambo a Chisamba, mkazi wanu wamng'ono wa m'galajamo wadya kale? Kapena ndidikire akhute ndisanayatse babu?" Ukuwadziwa amayi ako ndi pakamwa pawo.

Mita yathu ija, yogulira mayunitsi, yayamba kulira msanga. Mwina yakalamba ngati mwini wake.

Tsono ndikufunse kanthu, kongofuna kudziwa. Unanenapo kuti Adokotala a kwanuko ali ndi galimoto yonga yangayi. Ukawafunse mwaulemu kuti akaidzadzitsa kunyumba amalipira zingati. Usanene kuti ndafunsa ndine. Ndipo achimwene ako usawavutitse ndi nkhaniyi, ali ndi zambiri.

Mankhwala a amayi ako tinakatenga a miyezi itatu. Timabotolo tonse tili m'firiji, pashelefu ya pakhomo, monga unanenera.

Ndine bambo ako.

6 Meyi

Bambo anga okondedwa,

Ndaseka ndekha m'chipinda cha manesi mpaka anzanga kundifunsa. Ndiye mukufuna kupikisana ndi Adokotala? Chabwino, ndawafunsa. Akuti kuno n'zotsika chifukwa tili pafupi ndi damu, ndipo mtengo wa yunitsi ndi umodzi, kaya ugwiritse ochepa kaya ochuluka. Akaidzadzitsa amalipira ngati ya basi yanga ya masiku atatu. Koma akuti mchimwene wawo wa kuchigwa anagulitsa yake, ati kumeneko inkamudya wamoyo. Sindinafunse zambiri, belu linalira. Mzime ndamuuza, akuti kwawo ndiye kotchipa kuposa konse, chifukwa magetsiwo kulibe.

Za ayironi ya makala zandidabwitsa. Si inu munkati imanunkhitsa yunifolomu? Kaya, ukalamba uli ndi zake.

Timabotolo musaike pashelefu ya pakhomo, Bambo, ndinati ya pakati. Ndipo firiji isazime. Kamene akugwiritsa ntchito kangapirire masiku angapo panja, koma tosungato, ndi kutentha kwa kwanuko, timafa osasintha mtundu. Munthu amangobaya madzi osadziwa.

Achimwene ndawatchulirako pang'ono kuti mukufunsa za kutchaja. Musakwiye. Tchuthi andikaniza mpaka Ogasiti.

Mwana wanu,
Nesi

20 Meyi

Kwa iwe Chisamba,

Moni mwananga. Chithunzi chija ndaika m'kalata muno. Tayi ndi yomwe unandigulira.

Galimoto ili bwino. Ilibe chilema chilichonse. Kungoti imadya ndi mtima wonse.

Ndinapita kuofesi ya magetsi kukadandaula kuti mita yathu ikuthamanga. Ndinavala jekete. Mtsikana wa pawindo anayang'ana pakompyuta nati, "Agogo, mwatsegula chigayo?" Ndinati ayi, ndili ndi galimoto. Anandilongosolera bwinobwino, ndipo ndamuuza Atelala alembe monga ndinamvera. Kuno mayunitsi oyamba pamwezi ndi otchipa, a anthu ophika ndi kuunikira. Ukapyola pamenepo mtengo umakwera. Ukapyolanso umakweranso, ngati masitepe. Galimotoyi ikamwa katatu, yamaliza mayunitsi amene nyumba yonse inkagwiritsa mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo, ngakhale babu la kuchimbudzi limalipira mtengo wa anthu olemera.

Ndinamuuza kuti kwa mwana wanga ndi buledi muwiri. Anati, "Ndiye muzikatchajira kwa mwana wanuyo, agogo." Sananene mwachipongwe. Anthu a pamzere ndiwo anaseka.

Ndinayesa kuchepetsa maulendo. Mayi wina atabwera ndi mwana wotentha thupi, ndinayamba kunena kuti mwina angathandizeko kangachepe. Mawu asanathe, mwamuna wake anati, "Kangachepe ka chiyani, mdala? Mwayamba kuthira petulo pakhoma?" Ndinati ndimacheza. Tinapita.

Penshoni yanga ukuidziwa msinkhu wake. Sindikupempha kanthu. Wandichitira zimene mwana wa munthu wina aliyense mumsewu uno sanachitepo, ndipo pakamwa pamene panayamika sipangatembenuke n'kudandaula. Ndangoti udziwe za masitepewo, poti ndiwe injiniya, mwina zikusangalatsa. Ukaiwerenga kalatayi uiwerenge pang'onopang'ono.

Amayi ako akuti moni. Akumwa madzi kwambiri masiku ano, n'kutenthaku.

Ndine bambo ako.

22 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndalemba mothamanga, ndikupita kukagwira ntchito kunyanja miyezi iwiri ndi theka. Makalata ndikawapeza pobwera.

Nesi akuti mukufunsafunsa za kutchaja. Ndamva vuto lanu ngakhale simunanene: chingwe chinabwera ndi galimotocho n'chochedwa. Ndakutumizirani tchaja yaikulu ya pakhoma. Imadzadzitsa maola anayi okha, ndiye mukhoza kupanga maulendo awiri kapena atatu patsiku osadikira. Ndaikamonso zovundikira mipando, zofiirira.

Mnzanga wina wa kuno amayi ake amakhala msewu wachitatu kuchokera kwanu. Ndamuuza kuti asamavutike ndi takisi, bambo anga alipo.

Mwana wanu,
Chisamba

28 Juni

Anesi,

Ndine Telala wa chipinda chakumaso. Iyi ndalemba ndekha, bambo anu sakudziwa, ndipo akadziwa andithamangitsa. Ndalolera.

Miyezi inayi ndalemba zimene akundiuza, dzanja likundiyabwa. Firiji amaizimitsa m'mawa, kuiyatsa madzulo, kuti mayunitsi atsalire galimoto. Sabata yatha magetsi anatheratu masiku awiri. Wotchi yawo ya pamkono, imene anapatsidwa popuma ntchito, kulibe. Suti yakuda kulibe. Lendi yanga ndalipiriratu mpaka Okutobala, atandipempha maso ali pansi. Tchaja yaikulu ija ili m'katoni pansi pa bedi. Ataitsegula anati, "Mwanayu amandikonda."

Amayi anu aonda, ndipo madiresi awo ndabweza kawiri. Ndawauza kuti alankhule, akuti, "Munthu wadikira zaka makumi atatu kuti akhale pampando wake. Ndimuchotsepo ndine?"

Nambala yanu bambo anu anakana kundipatsa. Adiresi ndaiona pa envelopu. Loweruka la mawa lino kuli ukwati wa mwana wa Abutchala, ndipo analonjeza kunyamula mkwatibwi. Chitanipo kanthu.

21 Julaye

Kwa inu ana anga atatu, Chisamba, Nesi ndi Mzime,

Kalata iyi Atelala ailemba katatu, mawu ofanana, kuti wina asamve za mnzake. Ndawauza kuti ndikayamba kukometsa aike cholembera pansi. Aika kale kawiri.

Amayi anu ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti muwerenge zotsalazo mutakhala pansi. Nesi akudziwa kale, chifukwa kalata ya Atelala inamupeza mochedwa ndipo anafika amayi ake ali pabedi la chipatala. Atelala sindinawathamangitse. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Zinayenda motere. Lachinayi loti ukwati ndi Loweruka, mita inatsala ndi mayunitsi makumi anayi. Penshoni inali yoti ibwera Lachitatu linalo. Ndinaima pakati pa khitchini ndi galaja, chingwe chili m'manja. Ndinadziwa chimene ndikuchita, pasapezeke wonena kuti mdala anasokonezeka. Ndinaganiza za mkwatibwi ataima pageti ndi diresi lake, anthu akuti galimoto ya injiniya yalephera. Ndinalumikiza galimoto. Lachisanu m'mawa nyumba yonse inazima. Timabotolo ndinatikulunga m'kansalu konyowa n'kuika pansi pa sinki. Sikanali koyamba.

Ukwati unayenda bwino. Anandiika patebulo lapamwamba. Anatchula dzina lako, Chisamba, anthu n'kuwomba m'manja.

Lachiwiri chakumasana amayi anu anayamba kusanza ndi kulankhula zosamveka. Anandiitana ndi dzina la mchimwene wawo amene anamwalira kalekale. Ine ndi Atelala tinawanyamula n'kuwagoneka kumpando wakumbuyo, pa zovundikira zofiirira zija. Batire linali litatsala kamzere kofiira. Ndinati tifika. Tinatuluka pageti, tinadutsa pa butchala, tinakwera kamtunda ka pa sukulu. Pamenepo inayamba kuyenda ngati kamba, kenako inaima. Siinatsokomole n'komwe. Galimoto ya petulo ikafa umatsegula kutsogolo, umamenya apa, umayamwa paipi, anthu amakankha. Iyi ndinangokhala nditagwira chiwongolero, zaka makumi atatu ndi zinayi zili m'manja mwanga zopanda ntchito, amayi anu akupuma ngati munthu wothamanga.

Anatipeza ndi a Chiutsi. Utsi unayamba kufika, iwo pambuyo. Sanafunse kanthu. Anatsitsa geti la kasitomala pamsewu pomwepo, anayala jekete lawo, tinawakweza amayi anu. Pikapu imene ndinainyoza pamaso pa anthu inawafikitsa kuchipatala.

Pakhonde la chipatala ndinapisa m'thumba, ndinapeza tindalama tachitsulo. Ndinati, "A Chiutsi, ya mafuta." Anandipinda zala nati, "Sungani, mdala, mukagule mayunitsi."

Ndinati, "Mwadziwa bwanji?"

Anati, "Msewu wonse ukudziwa. Mita yanu imalira ngati mwana wamasiye, timaimva mpaka kwathu. Suti yanu ikuvalidwa ndi kondakitala wa minibasi."

Ndinati, "Nanga bwanji munkangokwera?"

Anati, "Ena ndi dyera, sindikana. Koma enafe tinaona zimene munawachita Abutchala. Munthu akakubwezera ndalama pagulu, upitanso nayo kachiwiri?"

Adokotala ananena kuti mankhwala aja anali atafa kale, mwina kwa milungu. Amayi anu ankadzibaya mokhulupirika m'mawa ndi madzulo, koma ankabaya madzi. Nesi anandichenjeza m'kalata ndi mawu omwewo. Atelala anandiwerengera kawiri. Ndinamva.

Anatsegula maso tsiku lachitatu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira chilango changa. Anati, "Bambo a Chisamba, mwamusiya ndi ndani mkazi wanu wamng'ono? Wadya?" Manesi a m'wodimo anaseka. Ine ndinatuluka panja.

Tsopano ali kunyumba. Diso lakumanzere silikuona bwino, ndipo adokotala sakulonjeza kuti libwerera. Ulusi sangathenso kulowetsa m'singano. Chimenecho ndachita ndine, osati galimoto, osatinso iwe Chisamba. Iwe unawerengera mtengo wa kwanu. Ine ndinaudziwa mtengo wa kuno mwezi woyamba womwe, ndipo m'malo monena kuti mwananga, sindikwanitsa, ndinakulembera za masitepe. Kalata imeneyo uipeza pamodzi ndi ino. Uyambe ndi ino.

Lamulungu lapitali nditatuluka m'tchalitchi ndinaima pamasitepe, pamene anthu amapatsana moni, ndinavula chipewa. Ndinati galimoto ija si yaulere ndipo sinakhalepo yaulere, ndinanama ndine. Palibe anaseka. Madzulo ake Abutchala anabwera ndi risiti ya mayunitsi, anaisiya patebulo osakhala pansi. Ndinailandira ndi manja awiri.

Galimoto anthu anaikankha mpaka m'galaja. Ndimaipukutabe m'mawa uliwonse, dzanja linazolowera. Koma chingwe chake ndapereka kwa amayi anu, ndipo achitsekera m'sutikesi yawo. Soketi ya kukhitchini ndaimata ndi tepi, pulagi ya firiji ili momwemo.

Mphatso ya mwana sindingaigulitse ndekha ngati wakuba. Kaya ipite kwa Nesi kumene magetsi n'ngotchipa, kaya igulitsidwe, tikambirane tonse maso ndi maso, amayi anu ali pampando wapakati. Chisamba, ngati tikiti ya ndege yavuta, bweza tchaja yaikulu ija, ikadali m'katoni mwake. Ndipo ndalama ya pamwezi ija uibwezeretse monga inalili. Taona, ndapempha. Atelala, lembani pomwepo kuti ndapempha.

Tidzakumana pakhomo pano Loweruka, pa 17 Ogasiti, nthawi ya chakudya chamasana. Mukatsika basi padepoti musandidikire. Mufunse pikapu ya a Chiutsi, muiona ndi utsi. Ndipo aliyense akonzeretu ya mafuta.

Ndine bambo wanu.